Kupalasa njinga ku Cortona ndi m'chigwa cha Valdichiana: tigone paphiri kapena m'munsi?

Mayi Nambewe

Moni kwa nonse a pagulu lino. Ine ndi bambo a kunyumba tikukonzekera ulendo wa ku Italy mwezi wa Okutobala, ndipo titenga njinga zathu zoyendera misewu yafumbi ndi yatimiyala. Tasankha dera la Cortona, m'chigawo cha Toscana, chifukwa tauniyo ili paphiri pomwe m'munsi mwake mwayala chigwa chachikulu cha Valdichiana, kotero tinaganiza kuti aliyense wa ife apezako zimene amakonda, popeza bambo amakonda zitunda pamene ine ndimakonda njira yoti munthu azipalasa modekha akuona dziko. Tasemphana pa mfundo ziwiri ndipo tikupempha nzeru kwa amene munafikako. Yoyamba ndi ya kogona, ngati kuli bwino kupeza malo mkati mwa linga la Cortona kapena m'munsi pafupi ndi siteshoni ya sitima. Yachiwiri ndi ya njira yotchedwa Sentiero della Bonifica, yoyenda m'mbali mwa ngalande yaikulu ya m'chigwacho, imene ena atiuza kuti ndi yowongoka kwambiri moti munthu amatopa nayo asanafike pakati. Kodi ndi yoyenera kuipatsa tsiku lathunthu?

Bambo Kamanga

Mayi Nambewe, ine ndiyankha mosabisa kuti bambo akunena zoona. Munthu amene wanyamula njinga mpaka ku Toscana wapitira misewu yoyera ya m'mapiri imene eni dziko amaitcha strade bianche, yomwe imakwera ndi kutsika pakati pa minda ya mpesa ndi ya maolivi. Kumadzulo kwa chigwacho, mukadutsa Sinalunga n'kulowera ku Asciano, mumafika pa msewu wa Monte Sante Marie, wotalika makilomita 11.5, umene ndi chigawo chovuta kwambiri cha mpikisano wa Strade Bianche womwe unayamba mu 2007 ndipo umathera pabwalo la Piazza del Campo ku Siena. Ndi pamsewu umenewo pomwe katswiri wa njinga Tadej Pogačar anathawira anzake mu 2024, kutatsala makilomita pafupifupi 80, n'kukafika yekha ku Siena. Njira ya m'mbali mwa ngalande ija ndi yabwino kwa ana ndi kwa amene akuphunzira kumene. Gonani paphiri, mudzuke mukuona chigwa chonse, ndipo chigwacho muzingochidutsa popita kumene kuli misewu yeniyeni.

Bambo Chisale

Achimwene a Kamanga, ndikulemekeza miyendo yanu, koma pa nkhani ya chigwa sindikugwirizana nanu ngakhale pang'ono, ndipo ndikupempha Mayi Nambewe andilole nditalikitseko. Ine ndimakhala mbali ya Perugia ndipo chigwa chimenechi ndimapalasamo nthawi zonse za pachaka.

Chimene chimachititsa anthu kunena kuti Valdichiana ndi yotopetsa n'chakuti amaiona ngati nthaka imene inakhalapo chikhalire, pomwe kunena zoona nthaka yonse imene tayala lanu lidzapondapo inachita kupangidwa ndi anthu. Kalekale mtsinje wa m'chigwachi, umene Aroma ankautcha Clanis, unkayenda cholowera kummwera n'kukathira madzi ake mu Tiber, mtsinje wodutsa mumzinda wa Roma, kudzera mu mtsinje wa Paglia. M'chaka cha 15 Khristu atabadwa, nyumba ya malamulo ya ku Roma inakambirana zoti madziwo awatembenuzire kumpoto, ku mtsinje wa Arno umene umadutsa ku Firenze, pofuna kuchepetsa kusefukira kwa madzi mumzinda wa Roma, koma anthu a ku Firenze anakana poopa kuti tsokalo lisamukira kwa iwo. Patapita zaka mazana ambiri, madzi a m'chigwacho anasiya kuyenda bwino, ndipo dera lonse linasanduka dambo lalikulu la udzudzu ndi malungo. Mapu amene Leonardo da Vinci anajambula cha m'ma 1502 ndi 1503 akuonetsa pakati pa chigwacho pali madzi ataliatali ngati nyanja. Mukadzaona kuti Cortona, Castiglion Fiorentino, Foiano della Chiana, Lucignano ndi Montepulciano onse anakhala pazitunda, mudzadziwe kuti pansipo panali posakhalika.

Ntchito youmitsa damboli inakhazikika mu ulamuliro wa Pietro Leopoldo, amene analamulira Toscana kuyambira 1765 mpaka 1790, ndipo amene anaitsogolera anali katswiri wa ku Arezzo, Vittorio Fossombroni, yemwe anabadwa mu 1754 n'kumwalira mu 1844. Njira imene anagwiritsa ntchito ndi yochititsa chidwi. M'malo molimbana ndi madzi amatope otsika m'mapiri, ankawalowetsa m'malo otchingidwa ndi mitumbira ya dothi, n'kuwasiya kuti adikhe mpaka matope akhale pansi, kenaka n'kutulutsa madzi oyera okha. Chaka ndi chaka nthaka inkakwera pang'onopang'ono, mpaka chigwa chinapendekera kumpoto, ndipo lero ngalande yaikulu ya Canale Maestro della Chiana imathira mu Arno. Mtsinje unatembenuzidwa ndi matope ake omwe.

Sentiero della Bonifica ndi msewu umene osamalira ngalandeyo ankayendamo. Ndi wautali makilomita pafupifupi 62, kuchokera ku Chiusa dei Monaci pafupi ndi Arezzo kukafika ku Chiusi. Mukamapalasa pamwamba pa mtumbira mudzaona timitsinje tina tikuyenda pamwamba kuposa minda yozungulira, mudzaona pomwe ngalande ina yadutsa pansi pa inzake, mudzafika pa chipata cha madzi cha Callone di Valiano cha mu 1723, ndipo mudzadutsa nyumba zikuluzikulu za alimi zotchedwa leopoldine, zokhala ndi kansanja ka nkhunda pakati pa denga, zambiri mwa izo zitasiyidwa ndipo zikugumuka. Ine zimandiwawa mtima kuziona zikutha chotero, chifukwa ndizo zinali nyumba zoyamba za mabanja amene analima nthaka yatsopanoyo. Munthu wodziwa zimenezi sangatope nayo njirayo.

Bambo Kamanga

Bambo Chisale, mbiri mwaifotokoza bwino ndipo ambiri tapindula nayo. Komabe mbiri siisintha mfundo yakuti kwa maola angapo munthu sasintha giya ndipo sakhota. Mphepo ikamachokera kutsogolo palibe pobisala, ndipo mithunzi ndi yochepa kwambiri.

Mayi Nachuma

Ine ndimagwira ntchito ku Arezzo, choncho ndiloleni ndiyankhe funso la kogona, limene abambo awiriwa aliiwala pang'ono. Achemwali a Nambewe, pakati pa tauni ya Cortona pali pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pamlingo wa nyanja, pomwe Camucia, tauni ya m'munsi imene ili ndi siteshoni, ili pafupifupi theka la pamenepo. Izi zikutanthauza kuti mukagona pamwamba, tsiku lililonse lidzatha ndi chitunda chokwera mamita oposa 200 m'makilomita ochepa, panthawi imene miyendo yatha kale mphamvu ndipo dzuwa likulowa, pamsewu watala umene mumadutsanso mabasi ndi magalimoto a alendo. Mkati mwa linga namo, msewu wokhawo wosapendekera ndi Via Nazionale. Ina yonse ndi yotsetsereka, yoyalidwa miyala ikuluikulu yoterera mvula ikagwa, ndipo nyumba zambiri zogona alendo zili ndi masitepe opapatiza moti njinga mumachita kuinyamula paphewa.

Langizo langa ndi lakuti mugone m'munsi, kaya ku Camucia, kaya ku Terontola, kaya pa imodzi mwa mafamu olandira alendo amene ali m'tsinde mwa phiri, ndipo ku Cortona muzikwera mwakufuna kwanu osati mokakamizidwa. Ubwino wina wa m'munsi ndi sitima. Njanji yakale ya pakati pa Firenze ndi Roma imayenda motsatira chigwacho, n'kumaima ku Arezzo, Castiglion Fiorentino, Camucia, Terontola, Castiglione del Lago ndi Chiusi. Sitima za m'madera, zimene amazitcha regionale, zimalola njinga yosaphwasula mukalipira tikiti yake yapadera, koma sitima zothamanga kwambiri sizilola pokhapokha njingayo itapindidwa kapena kuikidwa m'chikwama chake. Ndiye vuto la mphepo limene Bambo Kamanga anena lili ndi mankhwala ake: m'mawa muone kumene mphepo ikuchokera, mukwere sitima kupita mbali imeneyo, ndipo mubwerere pa njinga mphepo ikukukankhani kumsana.

Mayi Nambewe

Zikomo kwambiri achemwali a Nachuma, nzeru ya sitimayi sitinaiganizire ndipo bambo aimva mwachidwi. Iwo akufunsa kuti, tikagona m'munsi, kodi pali njira yokwerera ku Cortona yopewa msewu waukuluwo, ndiponso ngati kuseri kwa tauniyo kuli mapiri oti iwo akathetseko ludzu lawo la zitunda.

Bambo Chisale

Zonse ziwiri zilipo, Mayi. M'tsinde mwa phiri, pamalo otchedwa Sodo, pali manda akuluakulu a Aetruria, anthu amene anamanga Cortona Aroma asanakule mphamvu, ndipo mandawo ndi zitunda zozungulira zounjikidwa ndi anthu. Kuchokera pa Sentiero della Bonifica pali njira yanthambi yotsata mitumbira ya timitsinje imene imakufikitsani kufupi ndi pamenepo popanda kulimbana ndi magalimoto ambiri. Kuchokera m'tsindemo pali timisewu ting'onoting'ono tokwera pakati pa minda ya maolivi yomangidwa m'masitepe a miyala. Timisewu timeneti ndi tachete koma ndi toimirira kuposa msewu waukulu, chifukwa msewu waukulu umazungulira pomwe ito timalunjika. Mukakwerera mbali ya Camucia mudzadutsa tchalitchi cha Santa Maria delle Grazie al Calcinaio, chimene anayamba kumanga mu 1485 potsata mapulani a Francesco di Giorgio Martini, ndipo pamenepo ndi pabwino kupumirapo chifukwa pali pakatikati pa chitunda.

Kwa bambo okonda zitunda, tauniyo si mapeto a phiri. Pamwamba pake pali tchalitchi cha Santa Margherita, mayi woyera wa tauniyo amene anamwalira mu 1297, ndipo pamwamba pa tchalitchicho pali linga la Girifalco limene a banja la Medici analimbitsa m'zaka za m'ma 1550. Kuseri kwake phiri limapitirira mpaka pansonga ya Alta Sant'Egidio, yoposa mamita 1,000, m'nkhalango momwe misewu yake si yoyera ndi yosalala ngati ya ku Siena koma ndi ya miyala yosweka ndi mizu. Panjira yopita kumeneko, m'kachigwa kopapatiza, muli nyumba ya amonke ya Le Celle, imene inayamba ndi Fransisko Woyera wa ku Assisi mu 1211. Kumeneko ndikupempha kuti mudzatsike pa njinga ndi kuyenda pansi mwakachetechete, chifukwa abale a chipani cha Akapuchini akukhalamobe ndipo ndi malo opemphererapo.

Bambo Mwale

Popeza kwatchulidwa misewu ya mitundu itatu, ndiye kuti ya m'mbali mwa ngalande, yoyera ya m'zitunda ndi ya m'nkhalango, ndiloleni ndinene za njinga yeniyeniyo, pakuti ndiyo ntchito yanga. Tayala la mamilimita 32 likhoza kuyenda pa Sentiero kukakhala kouma, koma pa mitsetse ya timiyala toseguka lidzakuopsani, ndipo m'nkhalango za kuseri kwa Cortona lidzakuzunzani. Ine ndingaike matayala a pakati pa mamilimita 40 ndi 45 pa njinga zonse ziwiri, makamaka opanda chubu okhala ndi madzi omata m'kati, chifukwa m'mbali mwa minda mumakhala minga imene imaphwetsa chubu mobwerezabwereza. Ngakhale zili choncho, tengani chubu chapadera, zigamba, pampu ndi kolumikizira tcheni. Musapope kwambiri, popeza tayala lolimba ngati mwala limadumphadumpha pa timiyala m'malo mogwira pansi, ndipo manja amachita dzanzi msanga.

Pa magiya, onetsetsani kuti giya yopepuka kwambiri ili ndi mano akumbuyo ochuluka kuposa akutsogolo, mwachitsanzo 40 kutsogolo ndi 42 kumbuyo, kapena yopepuka kuposa pamenepo kwa Mayi. Chifukwa chake n'chakuti pachitunda cha timiyala simungaimirire pa mapedulo, tayala lakumbuyo limangozungulira pamalo amodzi, ndiye muyenera kukwera mutakhala pachishalo. Mabuleki muwaikire mphira kapena timapadi tatsopano musananyamuke, pakuti fumbi loyera la kumeneko limawadya msanga.

Mayi Nachuma

Bambo Mwale anena za fumbi, koma mwezi umene achemwali asankha ndi wa pakati pa fumbi ndi matope. Kumayambiriro kwa Okutobala nyengo imakhala yabwino kwambiri, kutentha kwa Julayi ndi Ogasiti, kumene nthawi zina kumapyola madigiri 35, kutatha, mpesa utakololedwa ndipo maolivi akuyamba kuthyoledwa. Koma mvula ikagwa, timisewu ta m'minda tosathiridwa timiyala timasanduka msampha, chifukwa dothi la m'chigwacho, lomwe ndi matope aja anafotokoza Bambo Chisale, limamata ngati makande a ku Phalombe, moti limaunjikana pakati pa tayala ndi felemu mpaka njinga kukana kuyenda. Tsiku lotsatira mvula khalani pa Sentiero yeniyeniyo kapena pa misewu yoyera yotsendereka bwino, ndipo musakopeke ndi kanjira kachidule kamene foni ikukuonetsani pakati pa minda. M'mawa m'chigwa mumagwanso chifunga chochindikala, choncho nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo n'zofunika pamalo pomwe njirayo imadutsa misewu ya magalimoto.

Chinanso ndi madzi akumwa. Midzi yonse ili pazitunda, kutali ndi ngalande, ndiye pa Sentiero mukhoza kuyenda mtunda wautali osapeza mpopi kapena sitolo, ndipo masitolo a m'midzi ing'onoing'ono amatseka masana kwa maola angapo. Nyamulani mabotolo awiri aliyense ndi kamba wokwanira.

Bambo Tembo

Ine ndine wamng'ono pagulu lino ndipo ndikuphunzira ku Perugia, koma ndikupempha akuluakulu andilole ndiwonjeze njira imodzi imene sinatchulidwe, ya kummwera cha kummawa, yopita ku nyanja ya Trasimeno. Kuchokera ku Terontola ndi makilomita ochepa chabe kuti mufike m'mbali mwa nyanja, mutalowa kale m'chigawo cha Umbria. Nyanjayo ndi yotambalala koma yosaya, pozama kwambiri ndi mamita pafupifupi 6, ndipo m'mbali mwake muli njira ya njinga, mbali zina ya timiyala ndi mbali zina yatala, yolumikiza Tuoro, Passignano ndi Castiglione del Lago. Pakati pa mapiri a Tuoro ndi nyanja ndi pamene Hannibal wa ku Carthage anabisalira asilikali a Roma mu Juni chaka cha 217 Khristu asanabadwe. Aroma analowa m'kanjira kopanikizika m'mawa kuli chifunga, ndipo anaphedwa pafupifupi 15,000 pamodzi ndi mtsogoleri wawo Gaius Flaminius. Munthu akaima ndi njinga pamenepo n'kuona kuchepa kwa malo pakati pa phiri ndi madzi, amamvetsa m'mene gulu lalikulu chotero linasowera kothawira.

Koma chimene ndikufuna kwambiri kuti Mayi Nambewe ndi bambo akaone ndi siteshoni ya Terontola yeniyeniyo, chifukwa ili ndi mbiri ya njinga. Gino Bartali, amene anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1938 ndi mu 1948, komanso Giro d'Italia mu 1936, 1937 ndi 1946, ankadutsa pamenepo m'zaka za 1943 ndi 1944, panthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, popalasa pakati pa Firenze ndi Assisi. Asilikali ankaganiza kuti akungokonzekera mipikisano, pomwe m'mapaipi a felemu ya njinga yake munali zithunzi ndi zikalata zachinyengo zothandiza Ayuda kuthawa imfa. Iye sanadzitame nazo pamoyo wake wonse mpaka anamwalira m'chaka cha 2000, ndipo mu 2013 bungwe la ku Israel la Yad Vashem linamulemekeza monga mmodzi wa olungama a mitundu ina amene anapulumutsa Ayuda. Pasiteshonipo pali chikwangwani chomukumbukira. Kwa ine, chimenechi chokha ndi chifukwa chokwanira chogonera ku Terontola.

Bambo Kamanga

Achimwene a Tembo, mwalankhula za munthu amene aliyense wopalasa njinga ayenera kumudziwa, ndipo ndikuthokozani. Pa za kogona ndamva mfundo za Mayi Nachuma ndipo ndi zomveka kwa banja limene mphamvu za miyendo n'zosiyana. Komabe ndikufuna kuteteza phiri pang'ono. Alendo ambiri amafika ku Cortona masana n'kuchoka madzulo, ndipo munthu amene amangokwera masana amaona tauni yodzaza ndi anthu ojambula zithunzi. Amene wagona mkati mwa linga amaona Piazza della Repubblica usiku eni tauni atakhala pa masitepe a nyumba ya khonsolo, ndipo m'mawa amaima pa Piazza Garibaldi n'kuona chifunga chitaphimba chigwa chonse, zitunda zokha zikuonekera, monga momwe dambo lija liyenera kuti linkaonekera. Bambo Chisale, ngakhale mbiri yanu ya madzi imaoneka bwino kwambiri munthu ali pamwamba.

Bambo Chisale

Pamenepo mwanena zoona, achimwene, ndipo sinditsutsa. Kuchokera pa Piazza Garibaldi mumaona mzere wa ngalande, ngodya ya nyanja ya Trasimeno, ndipo kukayera mumaona phiri la Amiata kutali. Chimene ndikukana ndi ganizo lakuti chigwa ndi chongodutsamo. Ndipo sikuti chonse ndi chathyathyathya, chifukwa pakati pa Cortona ndi ngalande pali tizitunda tating'onoting'ono tomwe m'nthawi ya dambo tinali ngati zilumba, ndipo pa kamodzi mwa ito pali nyumba yakale ya amonke ya Farneta, yokhala ndi chipinda chapansi chopemphereramo chimene chakhala zaka pafupifupi 1,000. Misewu yoyera yozungulira Farneta imakwera ndi kutsika mofatsa pakati pa minda ya tirigu, mpendadzuwa ndi mpesa wa Syrah umene Cortona yatchuka nawo, ndipo ndiyo misewu imene ndikuganiza kuti Mayi ndi bambo angayende limodzi popanda wina kudikira mnzake nthawi yaitali. M'derali ndi kwawonso kwa ng'ombe zoyera zikuluzikulu za mtundu wa Chianina, zimene kale zinkakoka makasu m'dothi lolemerali, ngakhale masiku ano zambiri zimakhala m'makola ndipo simudzaziona kawirikawiri kubusa.

Kummwera, njira ya Sentiero imasinthanso maonekedwe. Mukadutsa Valiano mumafika pa nyanja ziwiri zing'onozing'ono, ya Montepulciano ndi ya Chiusi, zomwe ndi zotsalira za dambo lija, zodzaza ndi bango ndi mbalame za m'madzi monga akakowa. Chakufupi ndi Chiusi pali nsanja ziwiri zakale zoyang'anizana, ina ya mbali ya Siena ndi ina ya mbali ya Perugia, zimene zinamangidwa pamalire poopsezana, ndipo ya m'munsiyo inakwiririka mbali yaikulu ndi matope amene anakweza nthaka. Palibe umboni wina wooneka ndi maso wa kuchuluka kwa dothi limene linaunjikidwa woposa nsanja imeneyo. Kufupi ndi komweko kuli mtumbira wolekanitsa madzi umene Toscana ndi boma la Papa anagwirizana mu 1780, pomwe madzi a mbali ina amapita ku Arno ndipo a mbali inayo ku Tiber. Ngati nthawi ili yochepa, Mayi, siyani chigawo chakumpoto ndipo muyende chakummwerachi.

Mayi Nachuma

Pali nkhani ya chitetezo imene sitiyenera kuidumpha, makamaka kwa bambo amene akufuna kukwera ku Sant'Egidio. Nyengo ya dzinja la kuno ikamayandikira ndi nthawi ya ulenje, ndipo kusaka nguluwe m'magulu, ndi agalu ambiri ndi mfuti zazikulu, kumachitika m'nkhalango zomwezo, kwambiri pakati pa Okutobala ndi Januwale, ngakhale kuti alenje a nyama zina amayamba kale mu Seputembala. Lamulo la dziko la Italy limaletsa ulenje Lachiwiri ndi Lachisanu, ndiye masiku amenewo ndiwo abwino kulowa m'nkhalango. Masiku ena valani zovala zowala, khalani pamsewu waukulu, ndipo mukaona zikwangwani zochenjeza za ulenje kapena anthu ovala malaya a olenji ataima m'mbali mwa njira, afunseni musanapitirire. Kumene kuli nkhosa kumakhalanso agalu oyera akuluakulu olondera, ndipo galu wotere akakuthamangirani musayese kumuthawa, koma tsikani, ikani njinga pakati pa inu ndi iye, ndipo muchoke pang'onopang'ono motalikira nkhosazo. Nambala ya zadzidzidzi ndi 112. Bambo asapite okha kunkhalango popanda kukuuzani njira imene atenge, chifukwa m'zigwembe zina foni siigwira.

Bambo Mwale

Ndikugwirizana ndi Mayi Nachuma, ndipo ndiwonjeze kuti mtsetse wochokera kumapiri amenewo ndi wautali moti manja amatopa ndi mabuleki. Ndi bwino kuima kangapo kusiyana ndi kufika pakona manja atauma. Chisoti musachisiye ngakhale pa tsiku la m'mbali mwa ngalande, chifukwa anthu ambiri amagwera pamalo osaopsa, monga pa zitsulo zotchinga magalimoto kapena pa timiyala tatsopano tomwe sitinatsenderedwe.

Mayi Nambewe

Akuluakulu nonse, tawerenga limodzi ndi bambo mauthenga onsewa ndipo tagwirizana motere. Tigona m'munsi mbali ya Terontola kwa nthawi yambiri ya ulendowu, kuti sitima, nyanja ndi chigwa zikhale pafupi, koma usiku womaliza tikagona mkati mwa linga monga momwe Bambo Kamanga alimbikitsira, ndipo katundu tidzamukweza pa basi kapena pa takisi kuti chitundacho tikwere ndi njinga zopepuka. Tsiku la Sentiero tidzakwera sitima mpaka ku Chiusi n'kubwerera chakumpoto kudzera pa nyanja ziwiri zija ndi Valiano, kenaka n'kupatukira ku Farneta, mphepo ikalola. Bambo adzakwera ku Sant'Egidio Lachisanu, pamene ine ndidzakhale ku nyumba yosungiramo zinthu zakale za Aetruria imene ili pakati pa tauni. Funso limene latsala ndi la Monte Sante Marie, limene bambo sakufuna kulisiya. Kodi n'zotheka kupita ndi kubwera tsiku limodzi kuchokera ku Terontola?

Bambo Kamanga

Kwa munthu wozolowera maulendo ataliatali n'zotheka, Mayi, koma ndi tsiku lolemera kwambiri, loposa makilomita 100 lokhala ndi zitunda zambiri, ndipo mu Okutobala dzuwa limalowa msanga. Ine ndingalangize kuti mufupikitse ndi sitima. Kuchokera ku Chiusi pali njanji ina yopita ku Siena imene imadutsa ku Sinalunga ndi ku Asciano, ndiye bambo akhoza kutsikira ku Asciano, komwe msewuwo umayambira kufupi ndi tauni. Sitima za pa njanji imeneyo ndi zing'onozing'ono ndipo malo a njinga ndi ochepa, choncho apewe maola amene ana a sukulu amakwera. Msewuwo ndi wotseguka kwa magalimoto ndi mathirakitala, ndipo uli ndi mitsetse yoimirira yokhala ndi mikwingwirima imene imagwedeza njinga, ndiye asautenge ngati ali pa mpikisano.

Bambo Chisale

Ndiwonjezepo chimodzi pa dongosolo la tsiku la Sentiero. Kuchokera pa siteshoni ya Chiusi njirayo imayambira pafupi, koma zikwangwani zake m'malo ena zinafufutika kapena zinabisika ndi udzu, ndiye sungani mapu a njirayo m'foni musananyamuke kuti musadalire intaneti. Mukafika ku Valiano dzazani mabotolo m'mudzimo ngakhale kuti pafunika kukwera kachitunda, chifukwa kuchokera pamenepo mpaka ku Farneta simungadalire kupeza madzi panjira. Ndipo ngati mvula idzakhale itagwa dzulo lake, musapatukire ku Farneta kudzera m'minda, koma pitirirani pa mtumbira mpaka pa mlatho wa msewu watala wochokera ku Foiano, n'kukhotera kumanja kulowera ku Camucia.